Mitengo ya Kumunsi kwa Dimba la aBulaza

Amayi, kodi kukucha bwanji kumene muliko? Kuno tili moyo, koma tulo tilibe, ndipo sindizungulira: ndakulemberani chifukwa cha mwana. Agnesi, mdzukulu wanu uja munkamuluka tsitsi pakhonde, wabereka mwana wamwamuna. Mwanayo akulira. Sikulira kwa makanda onse kumene tikukudziwa. Akulira ngati munthu amene akuitana mnzake ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo bere akulikana. Wayamba kupepuka m'manja. Ndikufuna mundithandize, koma muyambe mwamva zonse, chifukwa nkhaniyi mbali ina ndi yanu.

Za pakhomo ndikuuzeni kaye, mungati ndataya mwambo. Chimanga chaka chino chinachita bwino kumunda wa kuchulu, nkhokwe inadzaza mpaka kudenga. Nsawa ndiye zinawolera m'nthaka ndi mvula ya kumapeto. Thonje ndaleka, sindingamalimire mbozi chaka ndi chaka ngati ndi abale anga. Nyumba yanu ikadalipo, ndinaifoleranso udzu watsopano, ndipo mukugona mkamwini ndi Agnesi. Ng'ombe ya mawanga ija inathyoka mwendo ikukoka ngolo panjira ya ku Zemba, tinaidya mudzi wonse. Inali yolimba ngati lamba, inu mukanaidandaula ndi mano anu aja.

Tsopano za dimba la aBulaza, kuseri kwa tchalitchi chathu chaching'ono kuno ku Zingalume. Inu munakuliramo ndi khasu m'manja, mukulidziwa kuposa ine. Munkatiuza kuti mzungu uja, amene anaumba yekha njerwa za tchalitchi, sankabwera kuulendo wopanda mbewu m'matumba a malaya, ndipo zina ankazifunditsa bulangete m'nyengo yozizira. Chichokereni iye dimbalo linangotsala m'manja mwa azimayi inu, ndipo mutayamba kutha mmodzimmodzi linasanduka thengo. Maliro anu atadutsa, amuna a mpingo anakhala pansi n'kugwirizana kuti agwetse zonse alimepo soya. Mukundidziwa. Munkati, "Petulo, yamba wameza malovu usanayankhe." Sindinameze. Ndinawauza kuti mbuzi ili ndi nzeru kuposa iwo, chifukwa mbuzi imadya masamba koma mtengo imausiya. ATembo, wapampando wa mpingo, anangoseka.

"Poti pakamwa muli napo, aPetulo, tengani ndi chikwanje chomwe. Dimba ndi lanu."

Ndinalitenga. Tsekera anali wopitirira mutu wanga, chitedze chinandisambitsa mpaka ndinavula malaya pamaso pa anthu, mphiri ndinapha mpaka kuleka kuuza anthu. Koma amayi, zimene zinatuluka m'thengomo! Ngalande za njerwa zikadali zamoyo, ndinangozifukula madzi n'kuyamba kuyenda okha kuchokera kuchitsime. Mphesa zinakwera mumtengo wa mango mpaka kunsonga. Khofi ndinamupeza atabisala pansi pa mabulosi, atawonda koma ali moyo. Marozi anali atasanduka minga yokhayokha, ndinawadulira pansi, pano akuchita maluwa ofiira ngati magazi a nkhuku. Kumezanitsa mitengo ndinadziphunzitsa ndekha, kumvera pawailesi ndi kuononga mbande zambirimbiri mpaka dzanja linazolowera. Lumo, kachingwe ka pulasitiki, ndi mbande za mandimu wamba m'machubu, basi. Palibe wa kuboma amene anandigwira dzanja, ndipo ndikunena zimenezi mosachita manyazi.

Azimayi a mpingo ankabwera kudzandithandiza kusosa, akuimba nyimbo zanu zija. Tinatsika bwinobwino mpaka pampanda wa nkhadze, uja umadula dimba pakati. Pamenepo nyimbo inaduka. Onse anaika makasu paphewa.

"Tafika apa, aPetulo, ife tabwerera."

"Mwatopa, kapena mwaona njoka?"

"Tabwerera basi."

"Chifukwa?"

Anayang'anizana, wina n'kumangitsa chitenje. Ine zoti munthu azindibisira mawu pamaso ndimadana nazo. Ndinawauza kuti ulesi ngakhale uvale chitenje cha mpingo umakhalabe ulesi. Anapita. Ndinakumbuka kuti inunso ndili mwana munkandibweza pampanda womwewo. Munkati, "Kumunsi kulibe cha mwamuna." Ine ndinkayesa mukunena za kuchapa ndi kusamba kwa azimayi kumtsinje.

Ndiye ndinaboola nkhadze n'kulowa. Agnesi ananditsata ndi ndowa, mimba itayamba kuoneka. Azimayi aja anamunong'oneza kuti asapiteko, koma chifukwa chake sanamuuze, ndipo mwanayu ananditengera mutu. Amake, monga mukudziwa, anatsogola kale kumeneko. Panalibe womukhazika pansi.

Linali dzuwa la paliwombo, koma kumunsiko kunali kozizira ngati m'mphika wa madzi. Choyamba kundidabwitsa chinali chete. Kumtunda apumbwa ndi atimba amasokosa tsiku lonse, kumunsi ngakhale njiwa. Anyani amene amatibera mango kumtunda sadumpha mpanda uja. Zipatso zinali mbwee pansi, zikuuma zokha, popanda ntchentche. Mitengo ya kumtunda aBulaza anaibzala ndi chingwe, mizere yowongoka. Ya kumunsi inaima mwachisawawa, yoyandikana, wina apa wina apo, ngati anthu amene abwera pamaliro. Ndipo panalibe iwiri yofanana. Lalanje lofiira mkati, peyala la khosi lalitali, gwafa woyera, ndimu lokoma ngati lalanje, ndi ina imene mpaka lero dzina lake sindilidziwa. Mitengo yabwino kuposa yonse ya m'dimba inali kumeneko.

Patsinde pa uliwonse panali phale lovundikira. Ndinatembenuza limodzi ndi phazi, pansi pake panalibe ngakhale nyerere. Ndipo amayi, kuzungulira tsinde lililonse panali posesa. Si mphepo. Mizere ya tsache inkaoneka bwinobwino, koma phazi la wosesayo silinaoneke paliponse.

"Atate, kuno kuli ngati m'tchalitchi anthu atatuluka," anatero Agnesi, motsitsa mawu.

"Ndiye gwada upemphere, ine ndigwire ntchito," ndinamuyankha.

Cha kufupi ndi mtsinje kunali nachesi wakale, wa khungu lopyapyala, wopanda njere. Ukasenda limodzi fungo limakhala m'manja mpaka madzulo. Chiswe chinali chitaudya mbali imodzi, ndipo ndinaona kuti ukangodutsa chaka china ugwa. Ndinachita zimene aliyense wodziwa mitengo akanachita. Ndinadula tinthambi tabwino tokamezanitsa, kenako ndinaudula ndi nkhwangwa m'mawondo kuti uphukire mwatsopano. Pachitsapo panatuluka madzi oyera, akuyenderera pang'onopang'ono. Nachesi alibe utomoni woyera, amayi. Zimenezo ndikuzidziwa ngati dzina langa. Ndinapukuta nkhwangwa paudzu n'kunena kuti ndi matenda a mtengo.

Pambali pa nachesiyo panali kamalo kolowa pang'ono, kotalika ngati mkono wanga. Agnesi ankakonda kupumira pamenepo masiku onse amene tinagwira ntchito kumunsi, akudya manachesi ogwa. Ankati pansi ponse n'pozizira koma apo pokha n'pofunda, ngati pamene pangochoka nkhuku yofungatira. Ankaseka n'kumati akakhala pamenepo wa m'mimbayo amavina.

Ndinatenga tinthambi pamitengo yambiri ya kumunsiko, osati nachesi yekha. Ndimati mitundu imeneyi isathere m'thengo. Tsono mverani. Munthu ukamezanitsa, zina zimagwira zina zimafa, ngakhale dzanja likhale labwino chotani. Za kumunsi zinagwira zonse. Ngakhale kamodzi kamene ndinakamanga mokhota dzuwa litandiwotcha, kanaphuka. Ndinanyada. Lamulungu lina titatuluka m'mapemphero ndinaziika pabwalo n'kuuza anthu kuti atenge akabzale pakhomo, dimba la aBulaza lifike m'mudzi uliwonse. Amuna anazilimbirana, kumangirira panjinga, ena anali alendo ochokera ku Zemba. Azimayi anafunsa funso limodzi lokha, loti tinthambito ndinatitenga mbali iti. Nditawauza, bwalo linapepuka mofulumira.

M'mawa mwake ndinapeza mbande pachipata cha dimba. Zinandandalikidwa bwinobwino, zothiriridwa kale, iliyonse itakulungidwa kansanza ka chitenje kuzungulira chubu, ngati mmene amakulungira khanda. Tsiku linalo zinawonjezeka. Zina zinali zitabzalidwa kale, anazizula ndi dothi lake lomwe. Sindinaonepo wozibweretsa. Ndinakumana ndi aTembo akukankha njinga, ndinawaima kutsogolo.

"Mphatso yanga yanunkha chiyani?"

"Musandifunse ine, aPetulo. Akazi anga anangoti bwezani, n'kundisambitsa m'manja ndi phulusa ngati ndagwira galu wakufa."

"Inu osafunsa? Si ndinu wapampando?"

"Wapampando ndine kutchalitchi. Kunyumba ndimakhalira mtondo."

Ndinapita molunjika kwa aNasakala, mnzanu uja munkakhala naye benchi limodzi kutsogolo. Maso awo pano aphimba, miyendo yatupa, satuluka pakhomo. Ndinawapeza akusenda nsawa m'lichero. Moni ndinapereka wa theka.

"Mayi, ine ndatopa ndi anthu olankhula ndi maso. Kumunsi kwa dimba kuli chiyani?"

"Ndiwe Petulo? Mawuwo ngati ukuthamangitsa ng'ombe. Khala pansi."

"Ndiima."

"Ima tsono. Akuti wadula mtengo. Wadula uti?"

"Nachesi wa kumtsinje."

Manja awo analeka kusenda. Nkhuku inabwera n'kudya m'lichero iwo osaiingitsa.

"Wadula mkulu wako," anatero.

Pamenepo ndinakhala pansi osauzidwanso.

Anandifotokozera, akuti poti zaonongeka kale. Nthayo, mwana wobadwa atapita kale, saliridwa maliro, sapatsidwa dzina, ndipo amaikidwa ndi azimayi okhaokha m'kadzenje kosaya, kuopa kuti akakumba mozama atseka mimba ya mayi wake. Zimenezo ndinkazimva patalipatali monga mwamuna aliyense. Chimene sindinkadziwa n'chakuti azimayi a mpingo m'masiku amenewo anasowa kopita nawo ana otere. Kumanda a mpingo sankalowa chifukwa sanabatizidwe. Kumanda a kumudzi akhristu sankapondako chifukwa cha gule. Ndiye anayamba kuwaika kumunsi kwa dimba, m'mbali mwa mtsinje, n'kuvundikira phale. ABulaza anadziwa, koma sanafunse. Mzimayi akafika m'mawa n'kuima pachipata osapereka moni, iwo ankalowa mu nazale n'kutulutsa mbande yabwino kuposa zonse, ya kutali, imene analibe inzake, n'kumupatsa osayang'ana kumaso. Poti kulira kunali koletsedwa, azimayi ankathirira.

"Amako anali asanakwanitse chaka pabanja," anatero aNasakala. "Anali mwamuna, tsitsi lambiri. Ndinakumba ndine ndi manja awa. Iwe unabwera pambuyo."

Amayi, ine ndakula mpaka imvi ndikudzitcha woyamba kubadwa. Pamaliro anu ndinaimirira monga woyamba. Simukanandiuza ngakhale pamapeto? Ndikudziwa, za nthayo sauza mwamuna, ngakhale atate sanadziwe malo. Koma mwambo umene umabisira munthu dzenje n'kumusiya akuyenda ndi nkhwangwa, ine ndiulemekeze bwanji? Ndakwiya nanu, ndipo ndikukuuzani pamaso monga ndinkachitira muli moyo.

Ndinafunsanso chinthu chimodzi ndisanachoke. Ndinati nanga amasesa kumeneko ndani.

"Womaliza kusesa anali amako," anatero. "Enafe miyendo inatha. Atsikana a lerowa amaopa ngakhale kusuzumira."

"Koma n'posesa. Dzulo lomweli ndaona."

"Ndamva," anatero, n'kuyambanso kusenda nsawa.

Ndiye ndikufunseni, amayi. Ndinu?

Nkhwangwa sindinalowenso nayo kumunsi. Agnesi ndinamuletsa kupitako, ndipo azimayi anamutenga n'kumuuza zimene anayenera kumuuza kale. Nthawi yake itakwana tinapita naye kukiliniki kuboma. Mwana anatuluka ali zii, wosapuma. Anamwino anamupukuta, kumusisita msana, kumutembenuza, ine ndili panja ndikumva chete yekhayekha, chete amene ndinamuzindikira. Kenako analira. Ndinagwada pasimenti n'kuthokoza Mulungu. Sindinadziwe kuti kulira kumeneko sikudzatha.

Tabwerera naye kukiliniki kangapo. Amupima malungo, amumvera m'chifuwa, amuyang'ana m'kamwa ndi pamchombo, sanapeze kanthu. Anthu aja ayesetsa, sindingawanamizire. Akuti azimuyamwitsabe. Koma amangogwira bere pang'ono n'kulilavula, n'kutembenuzira mutu kumbali. Ndinayamba kuona kuti ngakhale umugoneke chotani, mutu amatembenuzira mbali imodzi yomweyo. Kumene kuli dimba.

Azimayi anati ndi dzina. Mukudziwa mmene zimakhalira, khanda likamalira chonchi ndiye kuti pali malemu amene akufuna kutchulidwa. Anasonkhana m'mawa, kumunyamula, kumuitana dzina la atate, Filipo. Analira. Anayesa la atate anu, la malume, la agogo a mkamwini, mpaka la aBulaza lomwe. Dzina lililonse ankalikana ndi thupi lonse, kupinda msana ngati uta. Ndinatuma njinga kukatenga aNasakala. Anamugwira pamutu, kusisita tsitsi lake lambiri lija, n'kubweza manja msanga.

"Mukuvutika chabe. Amene akupemphayo alibe dzina."

"Ndiye timupatse lililonse," ndinatero.

"Si lililonse. Palibe mzimayi amene amanyamula mimba mpaka kumapeto wopanda dzina mumtima. Tikukwirira, amako anawerama n'kunena kanthu m'dzenjemo. Milomo ndinaiona ikugwedezeka. Mawu sindinamve, ndipo sindinafunse."

Agnesi ndi amene anachita chimene tonse tinkaopa. Tsiku lina masana, osauza munthu, anabereka mwana n'kutsika kumunsi. Nditamva kuti kulira kwaleka m'mudzi ndinathamanga, ndikuganiza kuti watisiya. Ndinawapeza pachitsa cha nachesi. Chitsacho chaphuka, mphukira zobiriwira mpaka m'chiuno. Agnesi anali atayala chitenje m'kadzenje kaja n'kumugoneka momwemo. Anakwanamo ndendende, amayi, kumutu ndi kumapazi, ngati anachita kumuyeza. Anali chete, maso ali gwa kumasamba. Atamunyamula n'kukhala pomwepo anayamwa mpaka mkaka kutuluka m'mphepete mwa kamwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene tikukhalira. Kukacha Agnesi amatsika naye, amayamwa, amagona. Akangodutsa mpanda wa nkhadze pobwerera, kulira kumayambiranso. Ndipo kugona kwake kumeneko sikundisangalatsa. Amagona kwambiri, mwakachetechete, thupi n'kuzizira pang'ono, mpaka ine ndimaika chala pamphuno pake. Tsiku ndi tsiku kumudzutsa kukuvutirapo. Dzana Agnesi anamugwedeza nthawi yaitali asanatsegule maso, ndipo atatsegula anamuyang'ana mayi wake ngati mlendo.

Mitambo yayamba kuunjikana cha ku Mozambiki. Mvula ikagwa yamphamvu mtsinje uja umadzaza n'kukwera mpaka kumitengo, inu mukudziwa. Sitingalere mwana pamanda, ndipo kumudzi sakudya. Ine ndayesa. Ndaima pachitsa paja ngati wamisala, kutchula maina onse a m'kalendala ya oyera amene ndikuwakumbuka. Munthu amene ndinkaseka anzanga okhulupirira maloto, lero ndikugona msanga dala kuti mwina mubwera. Simukubwera. Munkati, "Ukafuna kanthu kwa ine unene, ine si mfiti yoti ndidziwe za m'mimba mwako." Ndanena tsono. Ndikufuna dzina limene munanena m'dzenje lija. Mwana uyu sanadule mtengo. Ngati mkulu wanga ali ndi mlandu, ali nawo ndi ine, abwere kwa ine. Ngati akungofuna kuitanidwa, ndiuzeni tim...

Amayi, ndinasiyira pamenepo cholembera chili m'manja, chifukwa polemba mawu oti abwere kwa ine ndinakumbuka chinthu.

Masiku anu omaliza, thupi litatentha, ndinkakumwetsani phala masana m'nyumba mwanu, chitseko chili chotsegula. Munasiya kumeza n'kuyang'ana kupitirira phewa langa. Simunayang'ane pansi ngati poona mwana. Munakweza maso, msinkhu wa munthu wamkulu woima pakhomo. Nkhope yanu inasalala, ndipo munati, "Damiano, lowa. Waimiranji padzuwa?" Ndinacheuka. Panalibe munthu, nkhuku zokha pabwalo. Pamtundu pathu palibe Damiano, m'mudzi muno mulibe Damiano. Ndinati ndi malungo, ndipo ndinakupatsani supuni ina.

Nditangokumbuka zimenezi ndinasiya kalatayi, sindinauze munthu. Ndinatsika kumunsi nthawi yomweyo. Agnesi anali atakhala pambali pa kadzenje, mwana ali m'tulo take tija, milomo itayamba kuyera. Anali atamugwedeza kale osadzuka. Ndinagwada. Sindinadziwe kuti ndiyang'ane chitsa kapena mwana, ndiye ndinayang'ana pakati. Mawu anga mukuwadziwa, koma apa anatuluka aang'ono.

"ADamiano. Dzukani, akulu anga. Tiyeni kunyumba."

Anatsegula maso pomwepo. Sanadzidzimuke, sanalire. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyang'ana kwa munthu amene wakhala akudikira panja ndipo watopa. Kenako anayetsemula. Agnesi anamunyamula, tinakwera pang'onopang'ono. Pampanda wa nkhadze tonse tinaima, kenako tinadutsa. Chete. Tinadutsa khofi, tinadutsa marozi, tinatuluka pachipata. Anayamwa pakhonde panu, anthu ataunjikana pabwalo, ndipo anagona tulo ta makanda, tofunda, totuluka thukuta pamphuno. Lero ndi mmenenso wachitira. Masaya sanabwerere, koma akudya.

Mkamwini amafuna dzina lachizungu la pawailesi, ndamuuza kuti akalipatse galu. Ine mwanayo sindimutchula kuti iwe. Ndikalowa m'nyumba ndimavula chipewa n'kufunsa kuti akulu adzuka bwanji, Agnesi n'kumaseka, koma kuseka kwake kumathera panjira.

Ndinapita kukawauza aNasakala, ndikuganiza kuti asangalala. Anagwedeza mutu, n'kutchula dzinalo kawiri pansipansi ngati akulilawa.

"Ameneyo wapeza," anatero. "Koma iwe tinthambi unatenga pamtengo umodzi?"

Ndinati ayi, pamitengo yambiri.

"Nanga mbande zinabwerera zonse?"

Sizinabwerere zonse, amayi. Za alendo a ku Zemba aja zili m'makomo mwa anthu amene sadziwa kanthu, akuzithirira m'mawa ndi madzulo, ndipo m'makomo amenewo muli azimayi oyembekezera. Mpongozi wa aTembo nayenso ndi wodwala pakati, ndipo lalanje lofiira lija linagona m'khonde mwake lisanabwezedwe. Azimayi amene anabzala mitengo imeneyo onse ali kumeneko ndi inu. ANasakala akudziwa mtengo uti ndi wa yani, koma maina sadziwa, ndipo iwonso mpweya wayamba kuwavuta.

Ndiye ntchito ndakupatsani. Muwayendere anzanu aja munkaimba nawo, mmodzimmodzi, muwafunse zimene ananong'oneza m'maenje awo. Akakana muwauze kuti mwambo wabisa zokwanira. Njira yotiuzira muipeze nokha, koma musadikire kuti munthu achite kufika pamapeto ngati mmene munachitira inu.

Ine mbali yanga nayi. Mbande zobwezedwa zija sindinaziotche. Ndazibzala m'mbali mwa mpanda, mkati mwake, pafupi ndi eni ake. Mawa ndikwera njinga kupita ku Zemba, khomo ndi khomo, mpaka nditazipeza zotsalazo, ndipo wondifunsa chifukwa ndimuuza zoona, akhale mwamuna akhale mkazi. Nkhwangwa sidzadutsanso nkhadze ine ndili moyo. Chiswe ndizichotsa ndi manja. Dimba lanu lidzakhala labwino kuposa mmene aBulaza analisiyira, kumtunda ndi kumunsi komwe.

Mupereke moni kwa atate ndi kwa amake Agnesi. Ndakwiya nanube pang'ono, koma ndimakukondani, ndipo phala lija mukanamaliza.

Ndine mwana wanu wachiwiri,
Petulo